Batire likamatha madzi, injini ikamamwa oyilo, tiyeze kaye tisanagule sipeya

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi abale anga a kuno ku Harare komanso a kumudzi kudzera mu nyuzipepala yathuyi, makamaka ife amene tili ndi magalimoto okalamba, chifukwa Disembala akuyandikira ndipo ndikudziwa kale zomwe zichitike. Aliyense akufuna akaone makolo ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Mulanje, ndiye magalimoto omwe chaka chonse amangoyenda kuchoka ku Highfield kupita mtauni, kapena Mufakose ndi Mbare basi, pano ayamba kupukutidwa kukonzekera msewu wa Nyamapanda. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndakalambira momwemo, ndipo madandaulo awiri omwe amandipeza tikatuluka mu tchalitchi ku CCAP kapena tikakhala pa maliro ndi omwewomwewo, wina akuti batire langa likungotha madzi, wina akuti galimoto yanga ikumwa oyilo koopsa. Chomwe chimandiwawa nchakuti pomwe munthu akundiuza amakhala atagula kale batire lachiwiri, kapena wauzidwa kale kuti injini ikufunika ovaholo, kuimasula yonse nkuimanganso ndi masipeya atsopano, ndipo wayamba kukongola ndalama, koma mukamufunsa kuti anayeza chiyani, palibe. Anangomvetsera injini ndi khutu nkugamula mlandu.

Tiyambe ndi batire. Batire la galimoto yaing'ono lili ndi zipinda 6 mkati, chipinda chilichonse chimasunga mavoliti pafupifupi 2.1, ndiye lonse likakhala lodzadza bwino ndipo lagona usiku osagwira ntchito limaonetsa 12.6 kapena kuyandikira pamenepo. Injini ikalira, alternator, kachipangizo kopanga magetsi otchajira batire, imayenera kukankha magetsi okwererapo kuti alowe mu batire, pakati pa 13.8 ndi 14.4, galimoto zina zimafika 14.7 m'mawa kukuzizira kenako nkutsika injini ikatentha. Amene amaletsa kuti asapitirire pamenepo ndi regulator. Regulator ikafa alternator imangotulutsa mmene ingathere, mukaponda moto magetsi nawo akukwera, 15, 16, nthawi zina mpaka 17, ndipo batire limayamba kubwadamuka ngati mphika wa nyemba woiwalika pa mbaula. Madzi a mkati amasweka nkusanduka mpweya wa hydrogen ndi oxygen, nkumatuluka, ndiye madzi akutsika, ma plate, timbale ta mtovu ta mkati mwa batire, akutsala pamtunda nkumauma, asidi wotsalayo akunka nawawa, batire likutentha mpaka kufufuma m'mbali.

Zizindikiro zake sizibisala ayi. Mukatsegula boneti mumamva fungo la dzira lovunda, pamwamba pa batire pamakhala ponyowa, pa mateminolo pamamera ufa woyera kapena wobiriwira, chitsulo chomwe batire limakhalapo chimadyeka. Mababu amapsa pafupipafupi, lero hedilaiti ya kumanzere, sabata yamawa ya buleki, ndipo usiku mukaponda moto magetsi amawala mopitirira kenako mukasiya amabwerera. Anthu ena amanyadira kumene kuti eee galimoto yanga ili ndi magetsi amphamvu, osadziwa kuti ndi matenda. Ndipo chonde abale, mpweya wa hydrogen umaphulika. ZESA ikathimitsa magetsi musamayatse machesi kapena laita kuti muone madzi mu batire, kapena kusuzumira muli ndi ndudu pakamwa, batire likaphulika asidi amapita kumaso. Tochi ya pa foni ilipo, gwiritsani imeneyo.

Kuyeza kwake nkosavuta moti mwana wa Form 2 atha kuchita. Kamita koyezera magetsi kamapezeka mmashopu a mu Kaguvi Street, ku Gazaland, ngakhale ku Siyaso, ndipo mtengo wake sufika ngakhale theka la batire latsopano. Mumakaika pa 20 ya DC, chingwe chofiira pa teminolo ya pulasi, chakuda pa mainasi. Yezani m'mawa musanalize injini, lembani nambala. Lizani, yezaninso. Pondani moto kufika cha mma 2,000 pa wotchi ya injini, yezani, kenako yatsani mahedilaiti ndi fani muyezenso. Ngati nambala ikukhala mma 14 osasuntha kwambiri, alternator yanu ilibe mlandu. Ngati ikudutsa 15 ndipo ikukwera limodzi ndi phazi lanu, musagule batire, mungoliwotchanso, ndipo wogulitsa akaona kuti lafufuma akuuzani kuti galanti siigwira pa batire lopsa ndi alternator, ndipo pamenepo sakunama.

Pali msampha wina womwe ngakhale amakanika ena amagweramo. Batire litha kumawira pomwe alternator ili bwinobwino. Chipinda chimodzi chikachita shoti mkati, batire limatsala ndi zipinda 5, m'mawa mukayeza mumapeza cha mma 10.5 mmalo mwa 12.6. Tsono alternator siidziwa zimenezo, iyo ikungopereka 14 yake ija, koma 14 imeneyo ikugawidwa pa zipinda 5 osati 6, chilichonse chikulandira pafupifupi 2.8, ndiye zisanuzo zikuwira pomwe chakufacho changoti zii. Mukatsegula zotsekera za batire injini ikulira muona zipinda zina zikuchita thovu, chimodzi ayi. Apa ndiye pogula batire, osakhudza alternator. Mwaona kuti fungo ndi lomwelo, madzi akutha chimodzimodzi, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo chokulekanitsirani ndi nambala ya m'mawa ija basi.

Ngakhale mutapeza 15, musathamangire kugula alternator yathunthu. Magalimoto akale kwambiri monga Datsun 120Y regulator yake ndi kabokosi kapadera komangidwa pa bodi mkati mwa boneti, ndipo kamadalira earth yabwino, kutanthauza kugundana bwino ndi chitsulo cha bodi komwe magetsi amabwererako, pomwe kamangidwapo pakachita dzimbiri kamayamba kuwerenga molakwika nkumalamula alternator kuti iwonjezere. Kupala ndi sandipepa nkumanganso bwino nthawi zina nkhani imathera pomwepo. Ma Toyota ambiri a ex-Japan regulator ili mkati mwa alternator, koma pali kawaya kakang'ono pa pulagi ya kumbuyo komwe ntchito yake ndi kuuza regulator kuti ku batire kwafika magetsi angati. Kawaya kameneka kakadyeka kapena pa fyuzi yake pakachita dzimbiri, regulator imamva ngati batire lili ndi njala pomwe lakhuta, ndiye imangowonjezera. Onaninso chingwe chachikulu cha earth chochoka pa injini kupita pa bodi, makamaka galimoto yomwe inatsitsidwapo injini kapena giyabokosi, chifukwa nthawi zambiri pobwezera amachiiwala kapena kuchimanga pa penti. Zonsezi zikakhala bwino ndiye regulator yafadi, koma nayo imagulitsidwa payokha pamodzi ndi ma brush, munthu wodziwa amasintha nkubwezera alternator yanu yomweyo.

Tsono pali khalidwe limodzi lomwe ndikupempha kuti lithe, ndipo apa ndilankhula mokalipa pang'ono a Mkonzi mundikhululukire. Ndi lija lozula teminolo ya batire injini ikulira, ati pofuna kuona ngati alternator ikutchaja, injini ikapanda kuzima akuti ili bwino. Zimenezi zinkachitika nthawi ya ma Peugeot 404 pomwe mu galimoto munalibe kalikonse ka kompyuta, ndipo ngakhale nthawi imeneyo sizinali zanzeru. Batire ndi lomwe limameza magetsi akadumpha. Mukalichotsa injini ikulira, magetsi amadumpha mwadzidzidzi kupitirira patali zomwe zipangizo zinapangidwira, ndipo zoyamba kupsa ndi ma diode ndi regulator ya alternator yomwe mukuyezayo, kenako bokosi la kompyuta ya injini, wailesi, mawotchi a pa dashibodi. Munthu amabwera ndi galimoto yabwinobwino kudzangoyezetsa, nkubwerera ndi alternator yomwe tsopano ikuwotchadi batire. Komanso kuyeza kumeneku sikukuuzani kanthu za vuto lathuli, alternator yotulutsa 17 nayo injini siizima mukazula teminolo. Wina akagwira sipanala ya 10 nkuyandikira batire lanu injini ikulira, mugwireni dzanja ndithu, ngakhale akhale malume anu.

A Honda Fit, omwe mwadzadza mu Harare muno mpaka pa mushikashika, matakisi aja opanda chilolezo, dziwani kuti Honda ili ndi kachitidwe kake, kompyuta ikaona kuti batire ladzadza ndipo simunayatse zambiri imatsitsa dala magetsi kufika mma 12 ndi theka kuti ipulumutse petulo. Yatsani mahedilaiti muona akwera kufika 14. Musalole wina akugulitseni alternator chifukwa cha zimenezi. Achimwene a malole a mavoliti 24, nambala zanu ndi kuwirikiza kawiri, cha mma 28, ndipo lekani kutapa magetsi a wailesi kapena firiji pa batire limodzi mwa awiriwo, lotapidwalo limakhala losadzadza pomwe linzakelo likupsa.

Za madzi othira ndinene mwachidule. Ndi madzi a batire okha, aja a distilled opanda mchere ogulitsidwa mmabotolo, osati a pa borehole omwe ambiri tikumwa mmakomo muno, ali ndi mchere wa pansi womwe umapha ma plate. Asidi osawonjezera, chomwe chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Ndipo enanu batire simukuliwotchera mu galimoto, mukuliwotchera mnyumba. Magetsi akazima mumalitsitsa kuti ana aonere TV, akabwera usiku mumalilumikiza ku tchaja chotchipa chosadziwa kuzima chokha kapena ku solar yopanda controller, mpaka kucha likuwira kuseri kwa chitseko, kenako mlandu nkupatsa alternator.

Tibwere kwa oyilo, komwe ndalama zambiri zimatayikira. Mawu oti ikumwa oyilo sakwanira, funso ndi loti malita angati pa makilomita angati. Imikani galimoto pamalo a fulati, injini itazima kwa mphindi 10 kapena m'mawa isanalire, thirani oyilo kufika pa mzere wa pamwamba wa dipusitiki osapitirira, lembani makilomita a pa dashibodi pa kapepala. Yendani masiku anu onse, mukakwanitsa makilomita 500 yezaninso pamalo omwewo. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri kuchoka pa mzere wa pansi kufika wa pamwamba ndi pafupifupi lita imodzi, ndiye mutha kuwerengera nokha. Injini iliyonse imadyako oyilo pang'ono, ndipo alipo makampani omwe amalemba mmabuku awo kuti ngakhale lita imodzi pa makilomita 1,000 sakuitenga ngati vuto. Ine kwanga imeneyo ndi yambiri, koma ikuonetsa kuti si kutsika kulikonse komwe kukutanthauza ovaholo.

Oyilo amachoka njira ziwiri, kudontha kapena kupsa. Yalani katoni pansi pa injini usiku, m'mawa muone. Koma katoni youma isakunamizeni, pena amadontha pokhapokha injini ikulira ndipo mphepo ya mumsewu imamuulutsira kumbuyo, ndiye tsukitsani injini, yendani tsiku limodzi kapena awiri, muyang'ane ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika pansi chifukwa oyilo amatsetsereka, pomwe mwamuona si pomwe wachokera. Malo odziwika ndi gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini, kaswitchi ka oyilo, fyuluta yosamangika bwino, sampu, ndi ma seal a crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo.

Apa ndi pomwe mavuto awiriwa amakumanirana, ndipo ndi chifukwa chake ndawalemba mu kalata imodzi. Pa injini zambiri alternator imakhala m'mbali chakumunsi kwa chivundikiro chija. Gasiketi ikauma ndi ukalamba oyilo amatsetserekera mu alternator, fani yake imamukokera mkati, akasakanikirana ndi fumbi lathu la mmisewu yokumbikayi amapanga phala lomwe limamata ma brush nkutseka mipata yopitira mphepo, alternator imatentha, regulator nkufa, mwina kusiya kutchaja mwina kutchaja mopitirira. Mwini galimoto amasintha alternator, miyezi ingapo yafanso, amvekere masipeya a masiku ano ndi fake, pomwe wakupha ali pamwamba pake akungodontha, gasiketi ya madola ochepa. A maminibasi ndi mapikapu a dizilo akale mvetserani bwino apa, injini monga Toyota 3L ndi 5L za mu HiAce ndi Hilux, Isuzu KB yakale, ndi 4D56 ya Mitsubishi, pampu ya vakyumu ya mabuleki inamangidwa kumbuyo kwa alternator ndipo imalandira oyilo wa injini kudzera mu kapaipi. Seal ya pakati pa pampuyo ndi alternator ikatha, oyilo amalowa mu alternator mwachindunji. Mukaona alternator ya galimoto zimenezi yanyowa, yambirani pamenepo.

Ngati sakudontha ndiye akupsa, ndipo utsi umanena komwe akulowera, bola wina akutsatireni pambuyo kapena aime kumbuyo, chifukwa woyendetsa suona utsi wako. Wa oyilo ndi wa buluu wotuwirako ndipo umanunkha mowawa. Wakuda ndi mafuta ochuluka, woyera wosatha injini itatentha kale ndi madzi, mwina gasiketi ya hedi, imeneyo ndi nkhani ina. Utsi wa buluu ukamatuluka m'mawa pongoliza kenako nkusiya, kapena mukaima nthawi yaitali pa maloboti nkunyamuka, kapena mwatsika mtsetse wautali phazi lili pambali monga pa Christmas Pass potsikira ku Mutare ndiye pansi mukaponda utsi nkuti phuu, amenewo kawirikawiri ndi ma seal a mavavu, timalabala tating'ono tomwe timauma ndi zaka. Ntchito yake ndi ya pamwamba pa injini, si yotsitsa injini yonse. Koma utsi ukamatuluka nthawi zonse mukamakoka, pokwera chitunda, mutanyamula katundu, ndiye tiyambe kukayikira ma ring a mapisitoni.

Musanavomere za ma ring onani kavavu kotchedwa PCV, kali pa chivundikiro cha pamwamba ndi kapaipi kopita ku manifold, njira yolowera mpweya mu injini. Ntchito yake ndi kutulutsa mpweya womwe umadzadza mkati mwa injini. Kakatsekeka mpweyawo umakankha oyilo kutulukira mma seal ndi magasiketi onse, kakakakamira potseguka injini imayamwa nkhungu ya oyilo nkumaiwotcha. Pa magalimoto ambiri akale mukakazula nkukagwedeza kamayenera kulira kuti tchekete tchekete, kakangoti chete kagulidwe kena, nkotchipa. Ndi ochepa amene amakayang'ana, mwina poti palibe phindu lalikulu pogulitsa kanthu kotero.

Kenako uzani makanika ayeze compression, mphamvu yomwe pisitoni ikupanikizira mpweya mu silinda, inu mulipo, silinda iliyonse alembe nambala. Zisasiyane kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo pang'ono. Yomwe yatsika athiremo kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi ayezenso, nambala ikakwera kwambiri ndi ma ring, ikakhala pomwepo ndi mavavu kapena gasiketi. Izi za kuthira oyilo ndi za injini ya petulo, pa dizilo musayerekeze. Onaninso mapulagi, yonyowa ndi oyilo kapena yomera zoyera zolimba ikukulozerani silinda yodwala. Chimodzi choti mudziwe, pisitoni ili ndi ring yapansi yomwe ntchito yake ndi kupala oyilo basi, imeneyi itha kumatidwa ndi kaboni pomwe compression ili bwino. Injini za Toyota za 1ZZ zoyambirira, zomwe zili mu Wish ndi Corolla zina, komanso 2AZ ya 2.4, zimadziwika ndi khalidwe limeneli, makamaka zikamachedwa kusinthidwa oyilo. Ndipo za turbo, onani mkati mwa mapaipi a mpweya ngati muli oyilo wambiri musanaweruze injini.

Za mtundu wa oyilo anthu timakonda njira yachidule, ikangoyamba kusuta thirani oyilo wolemera wa 20W-50 kapena kabotolo kaja kolemera koletsa utsi. Pa Mazda 323 zija zinkamangidwa ku Willowvale, pa Datsun kapena Nissan Sunny yakale, 20W-50 ndi chakudya chake, palibe vuto. Koma injini za Toyota za VVT-i ndi za Honda Fit zili ndi tinjira topyapyala ndipo zinapangidwira oyilo wopepuka monga 5W-30 kapena 0W-20, mukathira wolemera kwambiri m'mawa wa mu Juni amachedwa kufika pamwamba ndipo mukupha zina pofuna kubisa utsi. Kukwera sitepe imodzi monga 10W-40 pa injini yotopa ine sinditsutsa. Chomwe ndimakana ndi oyilo wa mmabotolo a zakumwa wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, simudziwa kuti ndi wa mtundu wanji kapena ngati sanachoke mu injini ina. Kudzadzitsa kupitirira mzere nakonso kumasutitsa injini yabwinobwino.

Kuyambira 2021 boma la Zimbabwe linakhwimitsa malamulo oitanitsa magalimoto opitirira zaka 10, ndiye akalewa tikhala nawo ndithu, ndipo maganizo anga ndi oti injini yomwe ikudya theka la lita pa makilomita 1,000, siikunyowetsa mapulagi, mphamvu ilipo, isiyeni, muziyeza sabata iliyonse nkumawonjezera. Ovaholo yochitidwa mwachangu mu Novembala ndi masipeya osadziwika, kenako injini yosazolowera nkuikweza katundu wa Khirisimasi, ndi yomwe imagonetsa anthu panjira. Kuchoka ku Harare kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo pakati pali Tete, komwe miyezi ino kutentha kumadutsa madigiri 40. Batire lomwe mu Harare limangotha madzi pang'onopang'ono kumeneko limauma tsiku lomwelo, ndipo oyilo akatentha amapyapyala nkumatha msanga kuposa mmene munawerengera mtauni. Nyamulani chigubu cha malita 5 cha mtundu womwe uli mu injini, botolo la madzi a batire, ndipo muyeze dipusitiki pa Nyamapanda pomwe mukudikira mapepala, muyezenso musanakwere mapiri a ku Zobue. Fungo la dzira lija likakupezani panjira imani, zimitsani injini, tsegulani boneti lipite mphepo musanagwire kanthu, ndipo ponyamuka yendani ndi moto wochepa mutayatsa fani ndi magetsi kuti zidyeko mphamvuyo mpaka pa tauni yoyandikira.

Pempho langa kwa atsogoleri a mabungwe athu a maliro ndi magulu a mmipingo ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa ndi Epworth ndi loti pa ndalama za gulu mugulepo kamita kamodzi ka magetsi ndi geji imodzi ya compression, zizikhala kwa msungichuma, membala aliyense wokonzekera ulendo azibwereka Loweruka. Galimoto zomwezi ndi zomwe timathamangira nazo kukagwa zovuta, ndipo pafupifupi gulu lililonse lili ndi munthu mmodzi wa ntchito ngati yanga yemwe atha kuonetsa anzake kagwiridwe kake.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Highfield, Harare